Tsiku limene tinawolotsa bambo pa Shire

Ndinadzuka kusanache. Kunena kuti ndinadzuka n'kungolemekeza mawu, chifukwa tulo ta pa siwa si tulo ayi. Umangotsamira khoma, mwendo wa mnzako uli pa mwendo wako, nyimbo iyi ikatha wina wayambitsa ina. Amayi anali chikhalire pambali pa bokosi, atafunda chitenje kumutu. Azakhali anga awiri anali atagona chokhala, pakamwa pali yasa. Ndinalumpha miyendo ya anthu mosamala n'kutuluka panja.

Kunja kunali kofunda ngati kuti dzuwa la dzulo silinalowe. Kuno kuchigwa moto wa pamaliro sitisonkhera kuzizira, timasonkhera udzudzu, ndiye azibambo anali ataponyapo masamba aawisi a nimu, utsi uli tolotolo pabwalo ponse. Chakumapiri a ku Thyolo kunkang'anima. Mvula ya kumeneko ndi imene timaiopa, chifukwa imagwa kwa eni ake koma madzi ake amadzagona kwathu.

Bambo anga anali ndi mabwato anayi a matabwa, owolotsa anthu ndi katundu pa Shire cha ku Chiromo. Mabwato amenewo ndiwo anatilera, ndiwo anatiphunzitsa sukulu, ndipo ndiwo amadyetsa amayi pamodzi ndi ana amasiye a mng'ono wanga. Mchimwene wanga ali ku Joni, mapepala ake sanamulole kubwera. Bambo akudwala anaitanitsa abale awo n'kunena pamaso pawo kuti wodzayang'anira mabwato ndine, mwana wawo woyamba, munthu wogulitsa zitenje pamsika wa Bangula. Kupalasa ndimakudziwa kwa kuonera. Ndipo bwato lopanda wopalasa ndi nkhuni chabe. Choncho m'mawa umenewo, ndisakubisireni, mumtima mwanga munali zinthu ziwiri: chisoni cha bambo, ndi mantha akuti tikangofotsera manda, anyamata awo opalasa anyamuka.

Mantha angawo sanali opanda mutu. Padoko pathu panabwera munthu wina wa maboti a injini, ndipo chiyambire kudwala kwa bambo ankawanyengerera opalasa athu mmodzimmodzi. Kwa iye kulibe matuza m'manja, ndipo malipiro ndi okwererapo. Opalasa a eni mabwato ena anali atathawira kale kumeneko. Padoko anthu amasintha mabwana ngati malaya, koma athu okha ankangokhala, chaka ndi chaka, mpaka anzawo kumawaseka kuti bambo anawadyetsa kondaine. Ine ndinkadziwa kuti chinkawagwira ndi bambo. Tsopano bambowo anali m'bokosi.

Opalasawo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuwaza nkhuni. Timawatchula kuti anyamata, koma ena mwa iwo imvi zili mbuu. Chimwalirire bambo sanachoke pakhomo. Ndiwo anakhoma tenti, ndiwo anatunga madzi m'migolo, ndiwo anakayala masamba pamsewu, ndipo panalibe amene anawatuma. Wamkulu wawo, amene tonse timangoti a kapitawo, ndi bambo wa Chisena wa ku Nsanje, wamfupi, wa mapewa ngati chitseko. Anayamba kupalasa kwa bambo ine ndili wa mamina. Anandipatsa moni wa m'mawa, ine n'kuyankha. Ndinkafunitsitsa kuwafunsa kuti mukhala kapena mupita, koma funso lotere silifunsidwa mwini wake asanaikidwe.

Kutayera, amayi a m'mudzi anayatsa moto m'mafuwa kumbuyo kwa khola. Ena ankasenda mbatata, ena ankatsuka milamba youma, ena ankagawa thobwa la mapira m'ndowa. Phokoso la kumeneko mukanati ndi ukwati, ndipo ine ndimalikonda, chifukwa limakukumbutsa kuti amoyo ayenera kudya. Anthu anayamba kufika dzuwa lisanakwere: a kabaza, amayi ogulitsa nsomba, aphunzitsi a kutsidya, amalonda a ku Mozambiki amene amawoloka ndi matumba a chitowe. Ambiri sindinkawadziwa, koma iwo ankandidziwa. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja osalisiya, akundiuza kuti tsiku lina anaiwala kachikwama m'bwato lathu, wopalasa n'kumulondola wapansi mpaka kuchigayo kukamupatsa. Akuti atamuthokoza, wopalasayo anangoti chikanagona kwa iye akanawayang'ana bwanji abwana ake m'mawa.

Musaganize kuti bambo anali mngelo. Anali munthu wa liuma, wolankhula osapumira, ndipo ukawapempha ndalama ya sopo ankachita ngati ukuwazula dzino. Injini anaikana mpaka imfa, ati phokoso. Koma anali ndi khalidwe limodzi limene ndinalimvetsa nditakula: chimene anena pamaso pako ndi chomwecho chimene anena iwe kulibe. Madzi akasefukira mabwato n'kukhala pamtunda, ankatsegula nkhokwe yathu yomwe n'kugawira mabanja a opalasa, amayi akung'ung'udza kukhitchini. Tsiku lina anakakamiza kuwoloka kuli mphepo, thumba la feteleza la munthu n'kugwera m'madzi. Mwini thumba anafuna kumenya wopalasa. Bambo anaima pakati n'kunena kuti wolakwa ndi iwo, chifukwa ndiwo analamula kuti bwato linyamuke. Wopalasa ameneyo ndi amene m'mawa umenewo ankawaza nkhuni misozi ikutsikira m'ndevu.

Wa maboti a injini uja naye anabwera, pa njinga yamoto, mbuzi atamangirira kumbuyo. Maliro n'kulirana, ndiye tinamulandira, ndipo mbuziyo inadyedwa. Sindikumunena, nayenso akusaka za ana ake. Koma ndinamuona mmene anazungulirira kwa opalasa athu, aliyense kumugwira dzanja nthawi yaitali, akumunong'oneza. Mtima unandiwawa. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa anyamatawo ine ndinali fodya wa pachala, woti mphepo iulutse nthawi iliyonse. Akanasankha kupita ndikanawaletsa ndi chiyani?

Mwambo unayamba dzuwa litakwera, kutentha kuli kwa mtima bii, mpweya osayenda. Tinaona nkhope. Anthu analankhula motsatizana, ena mpaka kuiwala kuti ali pamaliro. Itafika nthawi ya antchito, a kapitawo anaimirira chipewa chili m'manja.

“Ife sitidziwa kulankhula,” anatero. “Munthu uyu sanatinamizepo. Takhuta, baba.”

Atathokoza motero m'Chisena chawo, anakhala pansi. Mawu amene anandiliza tsiku limenelo ndi amenewo.

Bambo ankayenera kukagona kwawo kutsidya, m'mudzi wa amayi awo, monga mwa mwambo. Mwini maliro anali mng'ono wawo, bambo anga aang'ono, munthu wabwino koma wa phuma. Abusa akulalikira, foni yawo inalira. Anali adzukulu a kutsidya okumba manda. Anati dzenje lafika koma pansi payamba kutumphuka madzi, akukapa ndi ndowa, ndipo tikachedwa mvula n'kugwa, ntchito yonse iwonongeka. Bambo aang'ono ananong'oneza abusa, ulaliki n'kufupika. Bokosi tinalikweza pa ngolo ya ng'ombe chifukwa msewu wa kudoko unali matope okhaokha, galimoto sikanafika. Kwaya inatsogola, ngolo pambuyo, ife anamfedwa pambuyo pa ngolo, ndipo kumbuyo kwathu chinamtindi cha anthu chimene mapeto ake sindinawaone. M'njira amisika ankaimirira, a njinga ankatsika n'kuvula zipewa.

Tinapeza Shire atakwera, madzi ali ofiira, namasupuni akutsika m'magulumagulu. Mabwato athu onse anali pamzere, otsukidwa, ndipo lalikulu anali atayalamo mphasa zatsopano. Apa ndiyenera kufotokoza kanthu kena. Bwato lililonse la bambo lili ndi mzere woyera m'mbali, umene ankaupaka okha ndi penti. Lamulo lake ndi limodzi: mzere ukamira, bwato silinyamuka. Atsike munthu kapena katundu, kaya wakwerayo ndi ndani. Eni mabwato ena ankawaseka kuti akutaya makasitomala. Mwana wa azakhali, msuweni wanga, ali wopalasa anaphwanyapo lamulolo, ndipo bambo anamukhazika kunyumba nyengo yonse ya mvula monga akanachitira wina aliyense. Azakhaliwo anatha miyezi osatipatsa moni. Opalasa ena anaona zimenezo ndipo sanaiwale.

Bokosi analiika pakati pa bwato lalikulu. Amayi anakwera, azakhali onse awiri, abusa, akulu a mpingo, amayi onyamula nkhata, bambo aang'ono, ndi ine. Aliyense ankafuna kuwoloka ndi malemu, ndipo pamaliro palibe amene amawerenga mitu. Ndinakhala pafupi ndi bokosi n'kuikapo dzanja. A kapitawo anali kumbuyo. Anasuzumira m'mbali mwa bwato, kenako anagoneka nkhafi yawo pamiyendo. Wopalasa wa kutsogolo ataona zimenezo naye anagoneka yake.

“Tiyeni, a kapitawo,” anatero bambo aang'ono. “Manda akudzaza madzi uko.”

“Nkhabe, baba,” a kapitawo anakana m'Chisena, maso ali pansi. “Mzere wamira.”

“Lero ndi lero la mzere? Mwini mzere ndi uyu wagona apayu. Palasani!”

A kapitawo sanagwire nkhafi. Sakanathanso kuloza munthu kuti atsike, chifukwa wantchito sangatsitse namfedwa m'bwato la maliro. Kwaya inali itasiya kuimba. Ndinakweza maso n'kupeza kuti opalasa a m'mabwato ena onse akuyang'ana kuno, ndipo sakuyang'ana bambo aang'ono ayi. Ankayang'ana ine.

Ndinena zoona, ndinkafuna kuwoloka ndi bambo anga. Malo amenewo anali anga, ndipo palibe akanandichotsapo. Bambo aang'ono nawo sankanama, manda ankadzazadi madzi, komanso kutsutsa mwini maliro pagulu ndi chinthu chimene mwana woleredwa sachita. Koma ndinadziwa kuti ndikakhala chete, anyamatawo mwina apalasa chifukwa cha ulemu, mwina tifika bwinobwino, ndipo aliyense wa iwo adziwa kuti lamulo lalowa m'bokosi limodzi ndi mwini wake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinachotsa dzanja pa bokosi, ndinaimirira, n'kutsikira m'madzi ofika m'maondo. Nditafika pamatope ndinatembenukira kwa bambo aang'ono n'kugwada.

“Bambo, pepani,” ndinatero. “Ine ndatsika. Ndikupempha ena atsike nane, bwato lipepuke. Enawa akhala pambuyo panu pomwepo.”

Ndinkamva madzi akumenya matabwa. Woyamba kuimirira anali azakhali aja a mwana wokhazikidwa kunyumba, amene sindikanawaganizira n'komwe. Anakwinya chitenje n'kumatsika akulankhula okha.

“Mchimwene wangayu ndimamudziwa ine. Angadzuke n'kuyamba kutikalipira pakati pa mtsinje.”

Anthu anaseka misozi ili m'maso. Akulu a mpingo awiri anatsikanso, kenako mayi mmodzi wa nkhata. Mzere unatulukira, woyera, uli pamwamba pa madzi. Bambo aang'ono anatembenuzira nkhope kutsidya. A kapitawo anatola nkhafi, anakankha, bwato n'kuchoka.

Ndinaima pamenepo chitenje chili nyowe, ndikuona bambo anga akuwoloka Shire komaliza ine palibe. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe. Bwato linayamba lakwera chakumtunda motsata gombe, monga amachitira madzi akachuluka, kenako linadula n'kumatsetsereka mpaka anthu anasanduka timadontho. Wa injini uja, amene naye ankathandiza kuwolotsa anthu, anandikodola kuti ndikwere lake ndikawapeze msanga. Linali litadzaza mpaka m'milomo. Ndinamuthokoza n'kukana. Poti ndinali nditatsika kale, ndinangokhala padoko pomwepo n'kumaona mabwato athu akudzaza, ndikupempha uyu adikire, uyu akwere. Palibe anandiuza kuti nditero, ndipo palibe anakana. Ndinawoloka anthu atachepa, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndikapeza atafotsera.

Nditafika kutsidya ndinamva nyimbo chapafupi. Ndinaganiza kuti ndi otsalira. Nditadutsa minda ya mapira ndinaona bokosi lili pamapewa, lisanafike n'komwe pakati pa njira ya kumudzi. Opalasa a mabwato awiri oyamba anali atamangirira mabwato awo n'kupempha kuti abwana awo awanyamule okha. Ndiye ankayenda ngati nanzikambe. Mtengo uliwonse wa mthunzi ankaima n'kusinthana mapewa, wina n'kukonza nkhata imene sinagwe. Amuna amene amapalasa tsiku lonse osapuma, lero mapewa awatopera pa kamtunda kameneko! Bambo aang'ono anali kutsogolo akungoyang'ana kumwamba ndi pa foni. Nditalowa pakati pa anamfedwa n'kugwira amayi pamkono, a kapitawo anacheuka kamodzi. Kuchokera pamenepo mapewa aja anachira, ndipo kwaya inachita kuthamangira bokosi.

Kumanda tinapeza adzukulu ali matope mpaka m'chiuno, akutinyoza monga mwa ntchito yawo, ati tinkadikira kuti amwalirenso wina tidzaike pamodzi. Madzi anali atawakapa, pansi atayala mabango. Anatsitsa bokosi. Abusa anapemphera mwachidule maso ali kumitambo. Ndinaponya dothi langa ndi dzanja langa, nditaima pambali pa amayi, ndipo chimenecho ndidzawathokozera anyamata aja mpaka nanenso ndidzanyamulidwe. Mvula inayamba adzukulu akuumba mtumbira, madontho akuluakulu otentha, ndipo nkhata tinaziika tikunyowa. Bambo aang'ono sanandilankhule tsiku lonselo. Imeneyo ndi nkhani imene ndiyenera kukaikonza ndi nkhuku m'manja, ndipo ndipita, chifukwa nawonso anali ataferedwa mkulu wawo.

Amayi ndi azakhali anatsala kumudziko kudikira mwambo wosesa. Ine ndinabwerera kukayang'anira nyumba. Anyamata anawolotsa anthu obwerera mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe amene anasowa bwato.

Pakhomo ndinapeza anthu atabalalika. Tenti inali itachotsedwa, mafuwa ali akuda, nkhuku zikutola zotsala pabwalo. Ana anali kwa oyandikana nawo. M'nyumba munkanunkhabe utsi ndi thukuta la anthu, ndipo pamene panali bokosi panali mphasa yokha yopindidwa. Ndinasesa pang'ono, ndinasiya, n'kukakhala pakhonde. Chisisira chikugwa ndinaona anthu atatu akulowa pampanda: a kapitawo, wa ndevu uja, ndi wina wocheperapo msinkhu amene wangokwatira kumene. Anakhala pansi pamasitepe. Ndinati basi, abwera kudzatsanzika.

Anayamba ndi wongokwatirayo. Anati iye apita kwa a injini, mkazi wake ndi woyembekezera ndipo akufuna kumanga. Anati sanafune kuti ndimve kwa anthu padoko, chifukwa abwana ankati wochoka azichokera pakhomo, osati pawindo. Ndinamuuza kuti apite bwino, ndipo akadzafuna kubwerera asadzachite manyazi. Kenako ndinatembenukira kwa awiri enawo n'kudikira kuti nawo anene zawo.

A kapitawo anakanda kumutu.

“Mayi, bwato lalikulu lija likulowa madzi chakumbuyo. Phula lokha silithandiza, thabwa lapansi latha. Likufunika lina, la mbawa, louma bwino.”



“Chaka chino lipirira,” anapitiriza, “koma mvula ya chaka chamawa sitingaidalire nalo. Anzathu atituma kuti mukapuma, maliro akatha, mubwere padoko mudzalione nokha. Ife sitingang'ambe bwato mwini wake asanaone.”

Ndinati ndibwera. Ndinafuna kunena zambiri, kuwathokoza chifukwa cha nkhuni, chifukwa cha mapewa aja, chifukwa cha zaka zonse, koma sanandidikire. Iwo anadzuka, anawomba m'manja pang'ono, n'kutuluka pampanda akukambirana za misomali.

Ndinatsala ndekha pakhonde, nyumba ili zii kumbuyo kwanga, achule atayamba kulira kudambo. Ndinalira kwa kanthawi. Kenako ndinapukuta maso n'kuyamba kuganiza kuti kodi thabwa la mbawa louma bwino munthu amakaligula kuti.